Nyanja ya Chiuta akuionera kumwamba

Asodzi a m'boma la Mecanhelas amadziwa kuti nyanja ya Chiuta siikhala malo amodzi. Mvula ikachuluka madzi amalowa m'madimba, chilala chikabwera gombe limathawa, bwato nkutsala pamatope. Chodabwitsa nchakuti pangano la 1891 la Angerezi ndi Apwitikizi linatchula gombe lomweli, la kum'mawa, ngati chizindikiro cha malire.

Nkhani ya malire inakula m'chaka cha 1995, pamene asodzi a ku Machinga, mbali ya Malawi, anakhazikitsa makomiti a m'madoko napirikitsa eni makoka a nkacha. Ankati makokawo amakokolola ndi tiana ta makumba tomwe, ndiponso amavundula madzi akumwa. Kutsidya kuno makoka anapitirira kuponyedwa, ndipo mikangano inabuka. Munthu akagwidwa ndi khoka pakati pa nyanja, ndani anganene kuti ali m'dziko liti?

Apa ndi pamene makina a setilaiti, oyenda mumlengalenga, angathandize. Kachipangizo ka GPS, kamene lero kali m'mafoni ambiri, kamamva zizindikiro za makinawa nkutchula pamene bwato laima, mosaphonya kwenikweni. Makina ena amajambula. A Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake ndi zaulere, choncho nkotheka kuona mmene nyanja yakhala ikukulira ndi kuphwa, ngakhalenso pamene bango ndi mlulu, mobisalira nsomba, zatha. Zonsezi akaziika pa mapu a pa kompyuta, makomiti a mbali zonse angaloze chala pamalo amodzi nkugwirizana kuti apa mposwera nsomba, khoka lisafikepo.

Komatu makinawa ali ndi polekezera. Pa zithunzi za Sentinel-2, yomwe inaulutsidwa koyamba mu 2015, kadontho kamodzi kamaimira mamita 10. Bwato silioneka, nanji maso a ukonde. Nyengo ya mvula, pomwe mlamba ukuswa, mitambo imatchinga. Timandege topanda woyendetsa timajambula pafupi, koma pansi pa madzi amatope sitiona.

Odziwa kumene makumba amakumba zisa zao ndi asodzi akuluakulu, ndipo mapu ojambulidwa ku Lichinga kapena ku Lilongwe popanda kuwafunsa adzangokongoletsa khoma la ofesi. Nsomba nazo zimangodutsa, kuchoka ku Chiuta kulowera kumpoto ku nyanja ya Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira.