Dothi la Agogo Linangoyoyoka M'manja Mwanga

Nditapita kwathu ku Migowi, agogo ananditapira dothi la m'munda. "Tafinya, mdzukulu wanga." Linangoyoyoka ngati mchenga. Madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola dothi lakuda lapamwamba, lija la zinyalala zowolerana, lomwe limasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu.

Chimanga nachonso chinkadandaula: masamba am'munsi achikasu kuyambira kunsonga, chizindikiro choti nayitirojeni wachepa. Ine, ndi digiri yangayi, ndinati tigule feteleza wa yureya, poti 46 peresenti yake ndi nayitirojeni. Agogo anangoseka. M'dothi lotere, mvula imamutsuka msanga, ndalama n'kupita ndi madzi.

Alangizi anati titumize dothi ku Bvumbwe likayezedwe. Podikira zotsatira, mapesi takwirira osawotcha, ndipo nandolo tabzala pakati pa chimanga.