Nsanja ya Thanki Si Felemu ya Zenera

Ambiri a ife amene tinaphunzira kuwotcherera zitsulo tinayambira pa ntchito za pakhomo: felemu ya zenera, geti, mbaula, kapena mwendo wa wilibala. Dzanja likazolowera, anthu amayamba kutibweretsera ntchito za masukulu, zigayo ndi mafamu akuluakulu. Apa m'pamene tiyenera kudziwa kuti ntchito ziwirizi si zofanana, ngakhale moto wake ndi umodzi.

Kusiyana koyamba ndi katundu. Felemu ya zenera imangonyamula galasi, ndipo ikalekana pakona timawotchereranso, nkhani n'kutha. Koma lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza, nsanja yake imasenza matani 5 pamwamba pa mitu ya amayi ndi ana otunga madzi. Malo amodzi okha akafooka, chotayika si ndalama zokha.

Kwachiwiri ndi chitsulo ndi marodi. Pakhomo timagwiritsa ntchito machubu opyapyala a mamilimita 1.6 kapena 2, ndipo rodi ya 6013 imakwanira chifukwa siivuta kuyatsa. Chitsulo chokhuthala chonyamula katundu chimafuna kuti m'mphepete mwake muyambe mwapalidwa ndi girayinda, kenako chiwotchereredwe m'mizere ingapo kuti moto ulowe mpaka mkati. Pa ntchito yotere akatswiri amasankha rodi ya 7018, imene imasungidwa pouma kwambiri. Ikayamwa chinyezi, msoko umatha kung'aluka mkati, kunja kukuoneka kosalala.

Kwachitatu ndi magetsi. Kamakina ka pakhomo kamayendera mavoti 230, ndipo kakagwira ntchito nthawi yaitali kamatentha n'kufuna kupuma. Mawekishopu akuluakulu amakoka magetsi a three-phase a mavoti 400 kuchokera ku ZESCO. Mphamvu ikachepa pa chitsulo chokhuthala, rodi imangomata pamwamba ngati phula, osagwira.

Kwachinayi ndi mapepala. Ndi mnansi timapangana pakamwa. Sukulu kapena kampani imafuna mtengo wolembedwa, chojambula cha injiniya chosonyeza kukula kwa chitsulo chilichonse, ndiponso kawirikawiri satifiketi ya luso yovomerezeka ndi TEVETA. Makontirakitala a zomangamanga amalembetsanso ku National Council for Construction. Mapepalawa ndi amene amasonyeza woyankha mlandu chinthu chikagwa.

Tisanavomere ntchito, tidzifunse mafunso atatu. Chidzanyamula makilogalamu angati? Chikagwa chidzagwera ndani? Kodi makina athu ndi dzanja lathu zafikapo? Yankho limodzi likatikayikitsa, tiipereke ntchitoyo kwa wodziwa, ife tipemphe kukhala omuthandiza kuti tiphunzirepo. Kuthamanga sikufika. Mageti ndi mafelemu owotchereredwa bwino amadyetsa banja chaka chonse, pamene nsanja imodzi yogwa imachotsa dzina la mmisiri m'mudzi wonse.