Tizikumbu Todya Masamba a Wattle

Mitengo ya wattle kwawo ndi ku Australia, ndipo kumeneko kuli tizikumbu tambiri ta banja la Chrysomelidae timene timadya masamba ake. Timafanana zedi, choncho ine ndimati yambani mwadziwa mtengo umene kachikumbuko kakhalapo. Ta mtundu wa Calomela ndi Dicranosterna timakonda wattle, pamene ta Paropsis timadya bulugamu.

Kenaka onani tinyanga take. N'tatitali ngati ulusi. Mukaona tatifupi tonenepa kunsonga, ameneyo ndi ladybird, amene kawirikawiri amadya nsabwe za zomera, musamuphe.

Koma Peltoschema orphana, wopezeka ku Tasmania, savuta kumudziwa. Iye ndi mphutsi zake akagwira silver wattle, mitengo imafiira ngati yawauka ndi moto, n'chifukwa chake kumeneko amamutcha fireblight beetle.