Hutala ya galimoto zakale

Hutala ndi chipangizo cha magetsi chimene dalaivala amaliza pochenjeza anthu ndi ziweto pamsewu. Ku Malawi malamulo a pamsewu amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi hutala yolira, ndipo oyeza galimoto amaiyesa asanapereke chiphaso cha COF. M'madera ngati Manyamula m'boma la Mzimba, kumene misewu yambiri ndi yafumbi ndipo galimoto zimakumana ndi ngolo, ng'ombe ndi anjinga, kuyenda popanda hutala n'koopsa. Pa galimoto zakale hutala ikasiya kulira, nthawi zambiri vuto silikhala pa hutalayo koma pa mawaya odutsa mu chiwongolero.

Mmene imagwirira ntchito

Magetsi a 12 volts amachoka pa batire, n'kudutsa pa fyuzi, n'kufika pa hutala. Kuti hutala ilire, magetsiwo ayenera kubwerera ku batire kudzera mu chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko amachitcha earth. Pa galimoto zambiri zakale, batani la pachiwongolero silipereka magetsi, limangolumikiza earth imeneyi. Poti chiwongolero chimazungulira, waya sangamangidwe pa icho mwachindunji. M'malo mwake, kumbuyo kwa chiwongolero kumakhala mphete ya mkuwa ndi kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i kamene kamakhudza mpheteyo nthawi zonse. Umu ndi mmene zilili pa Toyota Hilux zakale. Land Rover Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndi yosiyana: hutala yake imalizidwa pa kandodo ka ma indicator.

Mavuto ndi kafufuzidwe kake

Hutala ikangoti zii, choyamba ndi kuona fyuzi. Ngati ili bwino, makaniko amachotsa hutala n'kuilumikiza pa batire ndi mawaya awiri. Ikalira, ndiye kuti ndi yamoyo ndipo vuto lili m'njira. Anthu ambiri amathamangira kugula hutala yatsopano asanayese zimenezi, ndalama n'kupita pachabe.

Kawirikawiri fumbi losakanikirana ndi girisi wakale limakuta mphete ija, kapena kachitsulo kaja kamafupika ndi kukhulika kwa zaka zambiri. Hutala yotere imalira chiwongolero chikakhala mbali ina, n'kusiya chikatembenuzidwa. Kupukuta mphete ndi kuipala pang'ono ndi sandpaper yosalala kumathetsa vutoli. Pa Volkswagen Beetle earth imadutsa pa kawaya kolumpha mphira wolumikiza ndodo ya chiwongolero, ndipo kawayako kakaduka hutala imafa.

Vuto lina ndi la hutala yolira yokha pokhota. Limabwera chikopa cha waya wa mkati chikasupuka ndi kugwedezeka kwa m'mabampu, waya n'kumagunda chitsulo. Kwa hutala, zimenezi n'chimodzimodzi ndi kudina batani. Kuchotsa fyuzi kumaletsa phokosolo kwa kanthawi, koma pa galimoto zina fyuzi yomweyo imatumikiranso nyali zina. Kumanga waya wamkuwa m'malo mwa fyuzi yopsa, monga ena amachitira, kungathe kuwotcha mawaya onse.

Asanamasule chiwongolero, makaniko amachotsa kaye waya wa negative pa batire. Galimoto zambiri zokhala ndi airbag zilibe mphete yotere. Zili ndi kalamba wa mawaya wokulungidwa wotchedwa clock spring, amene amaduka akapotokoledwa mopitirira.