Magetsi sakhululuka: tiyambe ndi pulani, osati waya

Aliyense amene anayendapo mumsewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo amadziwa kukongola kwa minda ya tiyi. Koma kwezani maso pang'ono. Pamwamba pa tiyi wobiriwirayo padutsa mawaya onyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, kupita kumafakitale a maesiteti monga Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa. Popanda mawayawa tiyi sangafote, sangagayidwe, sangaume.

Mphamvu imeneyi siloledwa kulowa m'nyumba ili choncho. Thiransifoma imaitsitsa kufika pa mavolti 400 oyendetsera makina akuluakulu, ndi 230 a m'nyumba. Tsono apa ndiye pagona nkhani. Ambirife timaopa mawaya a pamwamba aja, nkumaderera a m'nyumba ngati ndi ofatsa. Abale anga, mavolti 230 amapha munthu bwinobwino.

Kufakitale zinthu zimayamba ndi pepala. Injiniya amawerengera mphamvu imene mota iliyonse idzakoke, nkusankha waya wonenepa moyenera, buleka yoyenera ndi malo okhomera chitsulo cha ethi. Akatha ntchito amayesa ndi zipangizo asanayatse. Chifukwa chake nchodziwikiratu: mota ikapsa, kampani yaluza ndalama zankhaninkhani.

Nanga kunyumba kwa wothyola tiyi, kugolosale ya pa Luchenza, kapena kuchigayo cha kumudzi? Kumeneko pulani kulibe. Timangoitana mnyamata wa pulayazi m'thumba chifukwa ndi wotchipa, iye nkulumikiza ndi waya uliwonse umene waupeza pamsika. Babu likangoyaka, tonse m'manja. Kodi kuyaka kwa babu ndi umboni woti nyumba ili bwino?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Soketi ya mabowo atatu imene timagwiritsa ntchito kuno inapangidwa kuti inyamule maampu 13 basi. Ketulo ya mawati 2,000 payokha imakoka pafupifupi maampu 9. Mukaphatikiza hotipuleti ndi ayironi pa ekisitenshoni imodzi mwapyola kale malire. Waya umatentha, pulasitiki nkusungunuka, ndipo moto umayambira kudenga anthu ali mtulo. Nchifukwa chake amisiri enieni amaika waya wa 1.5 kumababu, wa 2.5 kumasoketi, ndipo kuka amaipatsa waya wakewake wonenepa. Fiyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti pali vuto. Kuimanga ndi kawaya kapena msomali kuli ngati kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba.

Ku Thyolo kuli vuto linanso: chinyezi. Mvula imagwa yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa makoma ndi pansi pomwe. Munthu wosavala nsapato ataima ponyowa ndi njira yabwino yoti magetsi adutsemo kupita m'nthaka. Chomupulumutsa ndi zinthu ziwiri: waya wa ethi wolumikizidwa bwino kuchitsulo chokhomedwa pansi, ndi buleka ija imene imazimitsa yokha magetsi akangothawa ndi mamiliampu 30. Ziwirizi ndi zimene mmisiri wachinyengo amayamba kudumpha, poti mwini nyumba sadziwa kusiyana kwake. Pamene namondwe Freddy anagwetsa mapolo m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, tinaphunziranso kuti waya wogwa pansi sakhudzidwa, ngakhale uoneke ngati wakufa.

Malamulo alipo. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi, ndipo ESCOM imayenera kulumikiza nyumba imene mawaya ake aikidwa ndi munthu wovomerezeka. Funsani chiphasocho, musachite manyazi. Paja safunsa anadya phula.

Kwa eni maesiteti tikuti: luso limene mumatetezera mota zanu lifikenso kunyumba za antchito, kusukulu ndi kuzipatala za pamalo panu. Injiniya wanu atayendera nyumbazo kamodzi pachaka, mungaluze chiyani? Moyo wa mwana wa wothyola tiyi suchepa mtengo kuyerekeza ndi makina.

Kwa tonsefe, walira mvula walira matope. Talira magetsi, tilirenso mtengo wowaikira bwino. Ndalama imene mukuipulumutsa lero pa mmisiri wotchipa, mawa isadzagule bokosi.