Nyumba ya Makomo Ambiri: Za Ndarama za pa Lamya

Abale okondedwa a m'midzi ya ku Karonga,

Pa nyengo yokolola mpunga ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, ogula ena safikanso ndi ndarama m'thumba, koma alipira pa lamya ya m'manja. Momwemonso mwana amene ali pa nchito ku Mzuzu atumizira amai ace thandizo, ndipo lifika dzuwa lisanalowe. Njira imeneyi inachuka ku Kenya ndi M-Pesa m'caka ca 2007. Kwathu kuno Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM unatsatira mu 2013.

Lero munthu akadina *211# kapena *444#, apeza mndandanda wa nchito zambiri: kutumiza ndarama, kutapa, kugula mayunitsi, kulipira magetsi ndi madzi, kusamutsira ndarama ku banki. Akasankha cimodzi, apezanso mndandanda wina m'kati mwace. Ciri ngati nyumba ya makomo ambiri imene mlendo alowa wopanda womlondolera. Agogo a maso ofooka akacedwa kuwerenga, mndandanda utsekeka, nayambanso pa ciyambi. Akaphonya nambala imodzi, thukuta lao la caka conse lingapite kwa munthu wacilendo. Cifukwa ca mantha amenewa, ena apereka lamya pamodzi ndi nambala yao yacinsinsi kwa munthu wina, ndipo mbala zilowera pomwepo.

Kodi kulakwa nkwa agogowo? Iai. Mpini ukakhala woterera, sitinyoza wolima. Tibwerera kwa amene anausema. Amisiri amene akonza za m'kati mwa lamya ali ndi udindo pa zinthu zitatu. Coyamba, aike patsogolo nchito zimene anthu azifuna masiku onse, ndipo zina zikhale pambuyo. Caciwiri, alembe mau afupi ndi odziwika, pokumbukira kuti ambiri kuno alankhula Cinkhonde ndi Citumbuka pa khomo pao. Cacitatu, ndarama zisanacoke, lamya isonyeze bwino dzina la wolandira, kuculuka kwa ndarama ndi mtengo wotumizira, ndipo ipatse munthu mpata wobwerera m'mbuyo. Kuonjeza makomo atsopano nkosabvuta. Luso leni leni ndilo kusonyeza njira.

Koma ife tomwe tiri ndi mbali yathu. Inu ana asukulu, khalani pansi ndi makolo anu madzulo, muwalembere masitepe pa pepala ndi zilembo zazikulu. Musawalande lamya kuti mufulumire; asiyeni adine okha, ngakhale acedwe, pakuti dzanja limene lacita lokha siliiwala. Yambani ndi ndarama zazing'ono, kutumizirana m'nyumba momwemo, kufikira mantha atatha. Inu abambo ndi amai, werengani dzina kawiri musanabvomereze. Nambala yacinsinsi musailembe pa pepala lija, ndipo musaiulule kwa munthu ali yense, ngakhale kwa woimba lamya amene adzichula wanchito wa kampani. Mukalakwitsa potumiza, dziwitsani kampaniyo nthawi yomweyo, ndipo sungani uthenga umene unafika, pakuti ndiwo umboni wanu.

Makolo athu anati safunsa anadya phula. Musacite manyazi kufunsa. Ndipo inu amene mwadziwa kale njira, yankhani mofatsa.