Maikolofoni Yomwe Gordon Brown Anaiwala Kuvula

Pa 28 Epulo 2010, patatsala masiku 8 kuti anthu a ku Britain aponye voti, nduna yaikulu ya dzikolo, Gordon Brown, anacheza mwansangala ndi mayi wina wachikulire ku Rochdale. Mayiyo anafunsako za anthu obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya. Atangolowa m'galimoto, Brown anadandaula kuti mayiyo ndi watsankho, osadziwa kuti maikolofoni ya Sky News inali ikadali pachovala chake. Mawuwo anaulutsidwa, ndipo tsiku lomwelo anapita kunyumba kwa mayiyo kukapepesa.

Ena amati atolankhani anachita ngati munthu wotchera khutu pakhomo la eni, ndipo amakumbutsa kuti kampani ya Rupert Murdoch inali ndi gawo lalikulu mu Sky, pamene nyuzipepala yake ya The Sun inali itasiya kale kuthandiza chipani cha Brown cha Labour mu 2009. Kukayikiraku n'komveka, koma sikufafaniza zomwe zinanenedwa. Brown sankakamba za banja lake kapena matenda ake, zomwe mtolankhani wabwino akanazisiya m'galimoto momwemo. Ankanena za munthu wovota amene anali atangomusekerera pamaso pa makamera, ndipo ovota ayenera kudziwa ngati wopempha voti ali ndi nkhope ziwiri. Kukondera kukanaonekera ngati wailesi yomweyo ikanabisa mawu otere atachokera kwa David Cameron, yemwe ankapikisana ndi Brown pachisankhocho. Pajatu BBC, yomwe si ya Murdoch, nayonso inachititsa Brown kumvetsera mawu akewo pa wailesi, iye atagwira mutu. Kuulutsa kumeneku kunali koyenera.